Malata ndi Nkhokwe

Ana inu, popita ku sukulu muona nyumba zina zofoleredwa ndi udzu, zina ndi malata. Palibe munthu wosakhumba malata, pakuti udzu umaola, chiswe chimaudya, ndipo mwini nyumba ayenera kumweta wina kawirikawiri. Koma kodi pa chuma chonse chimene banja lipeza, gawo loyenera kupita ku nyumba n'lotani?

Anthu a maiko ena anayesa kuyankha funsoli. Ku Amereka anaika lamulo m'chaka cha 1969 lakuti amphawi okhala m'nyumba za boma asalipire koposa magawo 25 mwa magawo 100 a ndalama zimene alandira. M'chaka cha 1981 anakweza malirewo kufikira magawo 30. Muyeso wotere ungathandize kalaliki wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, amene achita lendi ku Ndirande kapena ku Kawale. Koma mlimi alandira kamodzi kokha pa chaka, pa nyengo ya masika, ndipo chuma chake chili m'nkhokwe.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Mlimi wina, wa banja la anthu asanu, wakolola matumba 20 a chimanga. Tinene kuti munthu mmodzi adya matumba 3 pa chaka. Tsono banja lonse lidya matumba 15, ndipo otsala ndi 5 okha. M'matumba asanuwa ndimo muchokera feteleza, mchere, sopo, zovala zanu ndi makope anu. Akatsata muyeso wa ku Amereka, adzagulitsa matumba 6 nagula malata. Taonani, watha otsala onse aja, nachotsanso thumba limodzi pakamwa pa ana ake.

Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti pa masika chimanga chili chotsika mtengo, popeza aliyense ali nacho. Pofika Januwale nkhokwe yagona, ndipo munthu uja agula chimanga chomwecho pa mtengo wokwera. Ndalama alibe, choncho apita kukapalira munda wa mnzake pa ganyu, wake uli thengo. Chaka chamawa zokolola zake zichepanso. Mvula ilira bwino pa malata atsopano, koma ana ogona m'munsi mwake amva kulira kwa mimba zawo.

Ine nditi, mlimi ayambe wapatula chakudya cha chaka chonse, ndi mbeu, ndi za feteleza. Pambuyo pake apereke ku nyumba thumba limodzi kapena awiri, osapitirira. Njerwa aumbe yekha m'chilimwe, pakuti dothi ndi madzi sizifuna ndalama, zifuna thukuta. Malata agule ochepa chaka chino, ochepa chaka chamawa, nawasunge pouma, osawagoneka pansi pa dothi, kuti angachite dzimbiri. Anzake ena adzamseka kuti achedwa. Asekedwe ndithu, mwana wake ali kudya.

Inunso muli ndi gawo lanu pa ntchitoyi. Pa tchuthi cha chilimwe tungani madzi a matope, ndi kuyala udzu pa njerwa zaziwisi kuti dzuwa lingazing'ambe.