Khasu Loyenera Dzanja la Mwana

Ana athu ambiri pa Chitakale afuna kuphunzira kukonza zithunzi zimene ajambula m'minda ya tiyi ndi paphiri la Mulanje. Kodi tiwalangize kuyamba ndi pulogalamu iti?

Photoshop njamphamvu, koma njolipira mwezi ndi mwezi, ndipo yakuba kaŵirikaŵiri imadza ndi mavayirasi. Canva, imene inayamba mu 2013, njosavuta, koma imadya bandulo popeza ifuna intaneti. Tsono mwana wokhala ndi kompyuta atenge GIMP, yaulere chiyambire 1996. Wa foni yokha ayambe ndi Snapseed, yaulerenso. Ziŵirizi zikangotsitsidwa zimagwira ntchito popanda intaneti.

Tisaononge ndalama za fizi pogula chida choposa msinkhu wa wophunzira. Mwana asankhe pulogalamu imodzi, aidziŵe bwino, asanalakelake ina.