Khasu si Cikoti

M'masukulu ambiri a kuno kwathu, kuyambira ku Sasare kufikira ku Petauke ndi ku Nyimba, mwana akacedwa m'mawa, kapena akasokosa m'kalasi, cilango cace ndi khasu. Amuonetsa ndime m'munda wa sukulu, namuuza kuti asacoke kufikira ataitsiriza. Anzace ali m'kati kuphunzira samu, iye ali pa dzuwa, ndipo amene apita pa njira adziwa msanga kuti uyo walakwa. Tsono patapita zaka khumi, akuru omwewo amene anamlanga cotero adandaula kuti anyamata a masiku ano adana ndi ulimi, athamangira ku Lusaka kapena ku maenje a golide. Kodi cacilendo nciani pamenepa? Mwana amene anaphunzitsidwa kuti kulima ndi malipiro a wocimwa sangakonde munda atakula.

Mau anga ndi akuti sukulu iri yonse ya anyamata ndi asungwana osinkhuka iyenera kukhala ndi munda, ndi ziweto zomwe ngati nkotheka; koma munda umene tiri nao tsopano m'malo ambiri suphunzitsa kanthu, ndipo kuli bwino kuuleka kusiyana ndi kuusunga monga uliri.

Nkhani imeneyi si yatsopano. M'caka ca 1975 Dr. Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iri yonse m'dziko lino ikhale ndi nchito yobala zinthu, imene anaicha production unit. Ganizo linali labwino, koma amene anaphunzira m'zaka zimenezo adziwa kumene linakathera. Ana analima, anapalira, anakolola, anasenzera cimanga ku nkhokwe. Kucokera apo sanaonenso kanthu. Matumba angati anatuluka, anagulidwa ndalama zingati, ndalamazo zinagwira nchito yanji, zonsezo zinali za akuru okha. Kwina ndime ya sukulu inacita malire ndi ndime ya mphunzitsi, ndipo malirewo anali kusendera caka ndi caka. Sindinena kuti aphunzitsi onse anacita cotero, pakuti analipo okhulupirika amene anadyetsa ana ao ndi thukuta lao lomwe. Koma mwambo woipa unamera, ndipo lero pamene Boma liri kunenanso kuti minda ya sukulu idzuke, mwambowo ndiwo uyamba kudzuka.

Makolo ena ati, "Ife tinatumiza mwana ku sukulu kuti athawe khasu, likakhala khasu, ngakhale pa khomo pano liripo." Mau amenewa sindiwaseka, cifukwa ali ndi ciyambi cace. M'masiku a Azungu, makamaka atapita a Phelps-Stokes m'maiko muno mu 1924, kunamveka kwambiri kuti mwana wa munthu wakuda aphunzire ulimi ndi nchito za manja zoyenera m'mudzi, pamene ana a Azungu anali kukonzekera kukhala madokotala ndi oweruza. Sekondale ya Munali inayamba mu 1939, ndipo pofika pa ufulu mu 1964 dziko lonse linali ndi anthu ngati 100 cabe otsiriza maphunziro a yunivesite. Amene akumbuka zimenezi ayenera kukayika akamva za khasu pa sukulu. Koma taonani, abale anga, kumene tafika. Kuyambira mu 2022 maphunziro ndi aulere kufikira giredi 12, makalasi adzala, ndipo caka ndi caka atuluka ana ocuruka koposa mipando ya m'maofesi onse a m'Zambia. Ambiri a iwo adzabwera ku mudzi, afune asafune. Funso ndi lakuti adzabwera ndi ciani m'mutu.

Khasu la pa khomo ndi khasu la pa sukulu siziyenera kufanana. Pa khomo mwana alima monga anauzidwa. Pa sukulu ayenera kudziwa cifukwa cace. Lima imodzi, imene alimi onse aidziwa, ndi mamita 50 m'litari ndi 50 m'lifupi, ndiko kunena gawo limodzi mwa magawo 4 a hekitala. Mpatseni mwana cingwe kuti aiyese yekha, awerenge mizere, awerenge mapando, apeze mbeu imene ifunika, alembe mtengo wa feteleza, ndipo pa masika ayese zokolola pa sikelo naone ngati wapindula kapena wataya. Imeneyo ndi samu yeniyeni, yoposa ya sitima zothamanga zimene mwana wa ku Sasare sanazionepo. Agawe ndime pawiri, kwina abzale cimanga pamene panali cimanga, kwina pamene panali nshawa, ndipo azule nshawa imodzi aone tinthu totupa ta ku mizu yace timene tibwezera cakudya m'nthaka. Aphunzire cifukwa cace nshawa zosauma bwino, kapena zonyowetsedwa kuti zisendeke msanga, zigwira cuku cimene cidwalitsa ciwindi ndi kutsekereza malonda a kunja. Mwana wotere, akadzafika wogula wa meda ndi sikelo yace yonama pa bwalo la atate wace, sadzangoima cete.

Kunja kwa dziko lino ena anayesa njira imeneyi ndipo inayenda. Ku Serowe m'dziko la Botswana, Patrick van Rensburg anatsegula sukulu ya Swaneng Hill mu 1963, kumene ana anamanga okha zipinda zophunziramo nalima cakudya cao. Maria Montessori wa ku Italy anaphunzitsa kuti ana a zaka 12 kufikira 18 akula bwino akakhala pa munda, ali ndi sitolo yao yaing'ono ndi nchito imene anthu aifunadi. Ndipo ku Huntsburg m'dera la Ohio ku America sukulu yotere inatsegulidwa mu 2000, kumene ana aphika, aweta, nagulitsa zimene apanga. Ana a ku America amenewo sasowa nsima, makolo ao alipira ndalama zambiri kuti iwo akazire ndowe m'khola. Ife tiri ndi nthaka, ndowe ndi mvula pa khomo, koma tizisandutsa cilango.

Cinthu cimene cindiwawa koposa ndi mpanda wosaoneka umene uli pakati pa sukulu ndi mudzi. Mphunzitsi wa zaulimi kawirikawiri ndi mlendo, mwina wakulira m'tauni. Adziwa za m'buku, koma sadziwa dambo limene lisunga cinyezi kufikira mwezi wa October, kapena mbali imene anyani alowera. Pafupi pomwepo pali agogo amene asunga mbeu ya mapira ndi mawere ciyambire ubwana wao, adziwa kusankha citsononkho ca mbeu ndi kucipacika pa utsi, adziwa kufutsa nkhwani ndi citambe kuti pa cilimwe pasasowe ndiwo. Pali madala amene aluka nkhokwe yosalowa khoswe. Anthu amenewa aitanidwa ku sukulu pokhapokha pakafunika njerwa ndi mcenga, kapena mwana wao akalakwa. Palibe amene anawapatsapo mpando kutsogolo kwa kalasi. M'caka ca 2024, pamene mvula inadula pakati pa dzinja ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, cimanga cinapserera m'minda yambiri ya cigawo ca Kum'mawa. Ndipo nzeru ya mapira ndi cinangwa, imene sukulu inaiyesa yacikale, ndiyo inafunidwa. Mbozi zija zinafika kumapeto kwa 2016, ndipo zikali kudya m'nsonga za cimanga cathu. Munda wa sukulu ndiwo malo oyenera kuyesapo mankhwala ndi njira zina anthu onse a m'mudzi akuona, kuti wina asataye munda wace wonse poyesa yekha.

Ndipo njira iyende mbali zonse ziwiri. Makolo athu anali ndi dima: munthu akacepa manja, anzace anadza kumlimira tsiku limodzi. Bwanji kalasi imodzi isapite kamodzi pa mwezi kukapalira kwa nkhalamba yosowa mdzukulu, kapena kukafolera nkhokwe ya mai wamasiye? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akale. Tsono gogo wa mnzako nayenso ngwako.

Pali ena adzati ndifuna kusandutsa ana akapolo. Iai. Nchito ya m'munda ikhale ndi nthawi yace yolembedwa, monga Cingerezi ndi sayansi ziri ndi nthawi yace, ndipo isapitirire. Anyamata ndi asungwana agwire mofanana, osati asungwana kutunga madzi okha pamene anyamata agwira sikelo ndi ndalama. Mphunzitsi alowe m'mzere ndi khasu lace, asaime pa mthunzi ndi kamtengo m'manja. Zokolola ziyambe zalowa mu mphika wa ana, makamaka aja ocokera kutali amene agona m'tinyumba tobwereka pafupi ndi sukulu nadziphikira okha kaufa kamene anasenza pa Sabata; pakuti njala ndiyo ibweza ambiri a iwo ku mudzi, ndipo asungwana iwagwetsa m'manja mwa amuna a ndalama.

Zotsala zigulitsidwe, ndipo buku la ndalama lisungidwe ndi ana eni ace osankhidwa ndi anzao, mphunzitsi angoyang'anira. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi bukulo liwerengedwe mokweza, a nyakwawa ali pomwepo, ndipo wowerenga akhale mwana. Inu makolo a ku Sasare, msonkhano ukubwerawu musakambe za njerwa zokha. Mmodzi wa inu aimirire, apemphe ulemu kwa a hedimasitala, nafunse kuti matumba a caka catha anali angati, ndipo anapita kuti.