Mndandanda wa Ligi ndi Mizu ya Matimu Athu

Chaka ndi chaka, mpikisano wa ligi yaikulu ya mpira wa miyendo ukamafika kumapeto, maso a anthu onse amakhala pa mndandanda wa matimu. Mndandandawu sukondera munthu: timu yopambana imalandira mapointi atatu, yofanana mphamvu ndi inzake imapata imodzi, ndipo yogonja imabwerera chimanjamanja. Okhala pamwamba amanyamula chikho, otsalira kumunsi amatuluka mu ligi. Tsono ife tikupempha akuluakulu oyendetsa maseŵera pamodzi ndi aphunzitsi kuti aike pamodzi mindandanda ya zaka zonse, kuyambira 1986 pamene ligi ya dziko lonse inayamba. Akatero adzaona chimene chimasunga timu ndi chimene chimaipha.

Tiyambe ndi matimu aŵiri a mumzinda wa Blantyre. Timu ya Wanderers inakhazikitsidwa mu 1962, ndipo ya Bullets inabadwa mu 1967. Onse aŵiri asintha maina kangapo potsata makampani kapena anthu oŵathandiza. Takhala tikumva za Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets ndi Nyasa Big Bullets. Tamvanso za Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers ndi Be Forward Wanderers. Bullets ndiyo inatenga chikho choyamba cha ligi mu 1986, ndipo mu 2004, ikutchedwa Bakili Bullets, inafika m'chigawo cha magulu cha mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Thandizo la nthaŵi imeneyo litatha, timuyi inasauka kwa zaka zingapo, koma sinafe. Inadzukanso ndi kutenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023.

Chinaisunga nchiyani? Ndi anthu aja ovala zofiira amene amadzitcha Maule, monga momwe ovala zobiriŵira ngati thambo asungira Manoma. Makampani amabwera ndi kupita, koma mwana wa ku Ndirande amene analoŵa m'bwalo la Kamuzu Stadium atagwira dzanja la atate ake, lero akupita komweko ndi mwana wake.

Mindandanda yomweyo ili ndi maina ena amene achinyamata saŵadziŵa. MDC United inali katswiri wa ligi mu 1988. ESCOM United inanyamula chikho mu 2007, ndipo inabwerezanso patangopita zaka zoŵerengeka. Lero maina ameneŵa samvekanso mu ligi yaikulu. Matimuŵa anali ndi oseŵera aluso ndi aphunzitsi odziŵa ntchito, koma moyo wao wonse unali m'thumba limodzi, ndipo analibe khamu la ochemerera loti liŵagwire pamene thumbalo linayamba kuuma. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Sitikuloza chala makampani ndi mabungwe othandiza mpira, pakuti popanda iwo oseŵera sakadalandira malipiro. Silver Strikers, imene inayamba mu 1977 pansi pa Reserve Bank of Malawi, yasonyeza kuti bungwe lokhulupirika likhoza kulera timu kwa zaka zambiri, ndipo inatenganso ligi mu 2024. Asilikali a Kamuzu Barracks nawo anadabwitsa dziko mu 2016. Koma timu iliyonse yotere iyenera kudzifunsa lero kuti: kodi wotithandizayu atatopa maŵa, tidzatsala ndi yani?

Nchifukwa chake tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, timu iliyonse ya mu ligi yaikulu ikhale ndi kaundula wa mamembala osonkha ndalama chaka ndi chaka, ndipo atsogoleri azilongosola poyera momwe ndalamazo zayendera. Chachiŵiri, bungwe la FAM ndi la SULOM asonkhanitse mindandanda yonse, maina a oseŵera ndi zotsatira za maseŵera, ndipo makope ake akasungidwe ku National Archives ku Zomba. Nzachisoni kuti mbiri ya akatswiri onga Kinnah Phiri, ndi ya anyamata amene anatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, ikudalira kwambiri chikumbumtima cha okalamba amene akutha mmodzimmodzi.

Chachitatu chikupita kwa inu aphunzitsi. Mndandanda wa ligi ndi phunziro la masamu lokonzedwa kale: ana aŵerengetse mapointi, achotsere zigoli, ndipo aone okha kuti timu yodzisunga chaka chonse ndiyo imakhala pamwamba. Muŵauzenso kumene timu ya m'dera lao inachokera, ndipo bwalo la sukulu lisamere thengo. M'mera mpoyamba. Woseŵera wa maŵa ndi wochemerera wa maŵa onse ali m'kalasi mwanu lero, ndipo timu imene idzapeze ana ameneŵa idzaonekabe pa mndandanda zaka makumi asanu zikubwerazi.