Ngalawa Ikakocheza Padoko

Chingwe chonenepa chomangira ngalawa padoko sichinkatanthauza mpumulo kwa okwera ngalawa ya matanga ngati Tenacious, imene bungwe lachifundo la Jubilee Sailing Trust linakhoma ndi matabwa ku Southampton n'kuiika pamadzi mu 2000, kuti anthu aulumali ndi anzawo aziyendetsa limodzi. Ikakocheza, ena ankakolopa, ena ankalongedza chakudya, pomwe ulonda, kutanthauza kusinthana kuyang'anira ngalawa usana ndi usiku, unkapitirirabe. Chochititsa manyazi chinali kumtunda, kumene mizinda yambiri inamangidwa mosaganizira anthu aulumali, chifukwa munthu wa panjinga ya olumala amene dzulo lake anakwezedwa ndi zingwe pamlongoti n'kugwiranso chiwongolero pakati pa mafunde, ankatha kukakamira pamasitepe atatu okha a pakhomo la sitolo.