KANEMA ALI NDI MWINI WAKE

Madzulo ku msika wa Milange kumamveka kulira kwa mfuti. Mfutizo si zenizeni. Zimalira m'tinyumba ta vidiyo ndi m'mafoni a anyamata. Munthu mmodzi akagwa, ana amaomba m'manja. Akagwa khumi, amaimba mluzu.

Akulu amadutsa panja nati, "Ndi masewera cabe." Ife tikukana. Kanema ndi mphunzitsi. Amaphunzitsa wodziwa kuwerenga ndi wosadziwa yemwe. Mphunzitsi wa sukulu timamdziwa dzina ndi kwawo. Nanga mphunzitsi uyu anamtuma ndani?

Wogwira kamera amasankha

Filimu simera yokha ngati bowa. Pali munthu amene analemba nkhani. Pali amene analipira ndalama. Pali amene anagwira kamera naloza uku, osati uko. Cimene iye sanafune kuti tione, siticiona.

Atsamunda anadziwa bwino zimenezi. Mu 1953 Apwitikizi anatulutsa filimu yochedwa Chaimite. Inali nkhani ya Mouzinho de Albuquerque, amene anagwira mfumu Ngungunhana ya ku Gaza mu 1895. M'filimumo wolanda dziko ndiye ngwazi. Eni dziko ali ngati khamu loopsa limene liyenera kugonjetsedwa. Mwana wakuda akaonera filimu yotere, akuphunzira kuombera m'manja munthu amene anamanga agogo ake.

Bodza la nkhondo

Taonani Rambo. Munthu mmodzi, cifuwa pamtunda, amapha adani makumimakumi. Iye amatuluka ndi kabala kakang'ono. Nyimbo imalira, filimu yatha.

Ife a ku Milange nkhondo tinaiona ndi maso. Mu 1986 Renamo inalanda tauni yathu. Asilikali a boma anailandanso mu 1988. Tinaoloka pa Muloza kulowa ku Mulanje, ana kumsana, mitolo pamutu. Anthu a Mozambiki amene anathawira ku Malawi anapitirira 1,000,000. Minda ya tiyi m'munsi mwa phiri la Tumbine inasanduka thengo. Nkhokwe zinapsa. Ena sitinawaike m'manda, cifukwa sitidziwa pamene anagwera.

Kodi munaona Rambo akukumba manda? Kodi munaona mkazi wa munthu wophedwayo akulira? Kodi munaona ana ake akugona ndi njala? Iyai. Filimu imatha pamene mabvuto enieni akuyamba.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Koma mabomba okwirira pansi sanamve za mtenderewo. Anapitiriza kudula miyendo ya alimi. Dziko lathu linalengezedwa kuti lamaliza kucotsa mabombawo mu 2015, patapita zaka 23. Utali weniweni wa nkhondo ndi umenewo.

Ndipo pali bodza lina. Filimu imati munthu mmodzi wamphamvu ndiye amapulumutsa anthu. Ife tinapulumuka cifukwa wina anatisonyeza njira usiku, wina anatigawira cinangwa, wina kutsidya kwa malire anatibwereka malo ogona. Mutu umodzi susenza denga.

Bodza la cipembedzo

Mu 1988 kunatuluka Rambo III. M'menemo Asilamu a ku Afghanistan amene anali kumenyana ndi Soviet Union anali abwenzi olimba mtima. Nthawi imeneyo dziko la America linali kuwathandiza. Mu 2001 America inalowa m'nkhondo ku Afghanistan komweko. Kuyambira pamenepo mafilimu ambiri anaonetsa munthu wa ndevu ndi mkanjo ngati cigawenga. Kodi Cisilamu cinasintha m'zaka 13? Iyai. Cimene cinasintha ndi cofuna ca mwini kamera.

Nkhani imeneyi ili pafupi nafe. Pa 5 Okutobala 2017 nkhondo inayamba ku Mocímboa da Praia, m'cigawo ca Cabo Delgado. Oyambitsa nkhondoyo amachula dzina la Mulungu. Koma ambiri mwa ophedwa ndi othawa kumeneko ndi Asilamu omwe. Mwana amene waphunzira kwa kanema kuti Msilamu aliyense ndi mdani adzamuyang'ana bwanji mnansi wathu amene timagula naye nsomba pamsika? Moto wa cidani umayamba ndi kamtsatsa kakang'ono.

Ambiri tinaonera filimu ya Yesu ya 1979, imene inamasuliridwa m'cinenero cathu. Amene anasewera ngati Yesu ndi Brian Deacon, Mngelezi. Sitikunyoza uthenga wake. Tikungoti: Yesu anabadwira ku Betelehemu, osati ku Ulaya. Mwana asakule akuganiza kuti ciyero cili ndi khungu la mtundu umodzi.

Kanema amakonda cipembedzo cimene cimanyamula mfuti. Saonetsa kawirikawiri cipembedzo cimene cimazimitsa moto. Pa zokambirana za ku Roma, amkhalapakati ena anali a gulu la Sant'Egidio ndi Akibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la machalichi a Cikhristu anayamba nchito yosinthitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Ngwazi zathu ndi zimenezi. Ana athu amadziwa dzina la Rambo, koma maina awa sawadziwa. Ndi zamanyazi.

Bodza la miyambo

M'mafilimu akale a Tarzan, mzungu ndiye mfumu ya nkhalango. Anthu akuda amasenza katundu, amathawa, amagwa m'phompho, ndipo palibe amene amafunsa maina awo. Lero mafilimu ambiri ndi a anthu akuda anzathu, monga a ku Nigeria. Ambiri ndi okoma ndipo timaseka nawo. Koma taonani mmene ena amaonetsera mudzi. Gogo wokalamba ndi mfiti. Sing'anga ndi wakupha. Munthu wabwino ndi wa galimoto wa m'tauni.

Tikudziwa kuti alipo asing'anga onyenga, monga alipo alaliki onyenga. Koma tikudziwanso kuti nkhondo itatha, m'midzi yambiri anyamata obwera kuthengo anasambitsidwa mwa mwambo, ena anapemphereredwa m'machalichi, ndipo analandiridwanso pakati pa abale. Mwambo unathandiza kulumikiza cimene mfuti inadula. Ndipo nkhalamba imene mwana waphunzira kuicha mfiti ndi yomweyo imene inamberekera bambo wake kumsana pothawa nkhondo.

Makanema athu

Ufulu utabwera mu 1975, boma linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Linapanga Kuxa Kanema, nkhani za dziko za pa kanema, ndipo magalimoto anazitengera kumidzi. Mu 1979 Ruy Guerra anajambula filimu ya Mueda. M'menemo anthu a ku Mueda eni ake amasewera za kuphedwa kwa abale awo pa 16 Juni 1960. Kamera inatembenuka niyang'ana mlimi. Cinali cinthu cacikulu.

Koma tisadzinamize. Kuxa Kanema nayenso anali ndi mwini wake, ndiye boma. Kuyambira mu 1975 a Mboni za Yehova zikwizikwi anatengedwa m'zigawo zosiyanasiyana naikidwa ku Carico, m'boma lathu lomwe lino la Milange, cifukwa anakana kulowa ndale. Cipembedzo cawo cinaloledwa mwalamulo mu 1991. Za Carico ife sitinazionere pa nsalu ya kanema. Tinaziona m'njira. Kaya tigwirizana nawo a Mboni kaya iyai, zinacitika, ndipo zinacitikira kwathu.

Alipo opanga mafilimu amene sanaope. Licínio Azevedo anajambula A Árvore dos Antepassados, nkhani ya banja lobwerera ku Tete kucokera ku Malawi nkhondo itatha. Mu 2012 anatulutsa Virgem Margarida, yonena za akazi amene anatengedwa mokakamiza kupita ku misasa ya boma. Mu 2016 anatulutsa Comboio de Sal e Açúcar: sitima ikucoka ku Nampula kulowera ku Malawi pakati pa nkhondo, anthu atanyamula mcere kuti akasinthanitse ndi shuga. M'filimumo zoopsa sizicokera kuthengo kokha. Zina zimacokera kwa asilikali ena operekeza sitimayo. Amene anayenda masiku amenewo amagwedeza mutu, nati, "Zinali conco."

Mafilimu amenewa amaonetsedwa m'mizinda ya kutali. M'tinyumba ta vidiyo ta kwathu muli Rambo. Kodi ndi cilungamo?

Ticite ciani?

Ena akuti, "Tsekani tinyumba ta vidiyo." Ife tikuti iyai. Mukatseka citseko, filimu idzalowera pa foni. Ndiponso tinaona kale kumene kuletsa kumatifikitsa: lero aletsa filimu, mawa aletsa pemphero. Mankhwala a bodza ndi maso otseguka.

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkuyu timaung'amba tisanadye. Filimu nayo tiing'ambe ndi mafunso atatu. Anaipanga ndani? Akufuna kuti tikonde yani, tidane ndi yani? Ndani amene sanapatsidwe mau?

Tikhale pansi ndi ana ataonera. Tiwauze za njira ya ku Muloza. Tipemphe eni tinyumba ta vidiyo ndi aphunzitsi kuti afune mafilimu a dziko lathu. Anyamata amene ali ndi mafoni ajambule agogo awo akusimba, agogowo akali moyo.

Ndipo ife amene tikuphunzira kulemba, tilembe. Dzanja limene lazolowera khasu likhoza kugwiranso pensulo. Tikapanda kulemba nkhani yathu, wina adzailemba, ndipo ife tidzakhalamo osenza katundu opanda maina.

Tiwerenge! Tifunse! Tilembe!

Mafunso okambirana

1. Chulani filimu imene munaonera. Ngwazi anali ndani? Ophedwa anali ndani?
2. Ndi zinthu ziti za nkhondo zimene kanema saonetsa?
3. Kodi kuletsa mafilimu kungathandize? Cifukwa ninji?

Nchito yolemba

Lembani ziganizo zisanu za munthu amene anathandiza banja lanu pa nthawi ya mabvuto. Yambani ndi mau awa: Ngwazi ya m'mudzi mwathu ndi...