Voti ya mu envelopu singatiteteze kuno ku Marapodi

Pa 12 August 2021 ambiri a ife tinadzuka kukali mdima. Zitseko za malo ovotera zimatsegulidwa 06:00, koma nthawiyo isanakwane mzere unali utatuluka kale pageti n'kukhota ndi mpanda. Ena tinavota dzuwa lili pamutu, ena litapendeka, miyendo itatupa. N'chifukwa chake nkhani ya masankho ikabuka pa kantemba kapena mu minibasi yopita ku tauni, sipalephera kupezeka wina wofunsa kuti: bwanji sitichita monga ku America ndi ku Britain, kumene pepala limabwera kunyumba, munthu n'kuchonga ali khale pampando, n'kulitumiza pa positi?

Funsoli si lopusa. Amene amalifunsa ndi anthu otopa, ndipo ena mwa iwo ali ndi abale amene sanavote konse. Koma ife tikuti njira imeneyo kuno ingatilande chinthu chimodzi chimene masankho athu akali nacho, chomwe ndi voti yochongedwa mobisika n'kuwerengedwa poyera.

Tiyambe ndi kalata yeniyeniyo. Ndani wa ife analandirapo kalata pakhomo pake mu komboni muno? Mlendo akafuna kutipeza timamuuza kuti atsike pa siteshoni, adutse chigayo, akhotere kumanja pa shopu yobiriwira, kenako atiimbire foni. Pa yadi imodzi pamakhala mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo amene anali m'chipinda chakumapeto mu January, pofika June ali ku Chaisa kapena ku Chipata compound chifukwa lendi yakwera. Envelopu yokhala ndi pepala lovotera ikafika pa yadi yotere, idzagwera m'manja mwa alandilodi kapena mwana amene wapezeka pageti. Palibe amene angatsimikize kuti wachonga ndi mwini dzina.

Tinene kuti yafikadi kwa mwini wake. Vuto lalikulu ndiye layamba. Timadziwa tonse zimene zimachitika pa kampeni: zitenje, matisheti, ndalama zopinda zoperekedwa m'manja usiku. Lamulo limaletsa kugula mavoti, koma chimene chimawagonjetsadi ogulawo ndi kachipinda kovotera, chifukwa wogula sangaone ngati katundu wake wafika. Mu 2011 a PF ankauza anthu kuti alandire zonse zimene apatsidwa koma asaulule kumene mtima wawo uli. Mu 2021 a UPND anali ndi nkhani ya chivwende, chobiriwira kunja koma chofiira mkati. Zipani ziwiri zodana, nzeru imodzi, ndipo nzeruyo inagwira ntchito chifukwa munthu amachonga ali yekha. Pepala likabwera kunyumba, kada adzakhala pa sofa mpaka aone pamene mwachonga. Bambo waukali adzasonkhanitsa mapepala a mkazi wake, a ana ndi a mlamu n'kuchonga onse yekha pathebulo. Alandilodi amene ali ndi chipani chawo sadzafunika ngakhale kukweza mawu.

Kumene amavota pa positi zimenezi zinachitikapo. Ku Birmingham, pa masankho a makhansala a 2004, apolisi anapeza anthu usiku m'nyumba yosungiramo katundu ali ndi mulu wa mapepala ovotera a pa positi. Mu 2005 khoti linafafaniza zotsatira za mawodi awiri, Aston ndi Bordesley Green, ndipo pambuyo pake dzikolo linakhwimitsa lamulo kuti wovota pa positi azilemba siginecha ndi tsiku lake lobadwa kuti zifanizidwe ndi zimene zili mu ofesi. Kumeneko ndi kumene nyumba iliyonse ili ndi nambala ndipo positi imafika pakhomo. Pafupi ndi ife, ku Zimbabwe, apolisi amene adzakhale pa ntchito tsiku la masankho amaloledwa kuvota pa positi, ndipo mu July 2018 otsutsa boma anadandaula kwambiri kuti ku Ross Camp mu Bulawayo apolisi ankavota akuluakulu awo ali pomwepo.

Tsopano tikumbukire zimene zimachitika m'kalasi muja tikafika kutsogolo kwa mzere, pakuti ambiri timangoona ngati n'kutichedwetsa. M'mawa asanayambe, woyang'anira siteshoni amaonetsa mabokosi kuti mulibe kanthu, n'kuwatseka ndi zomangira zokhala ndi manambala, oimira zipani akulemba manambalawo. Munthu ukalowa umapereka makadi awiri, reji ndi kadi yovotera. Dzina lako amalifuna m'kaundula mmene muli chithunzi chako, amalitchula mokweza kuti oimira zipani nawonso alipeze m'mabuku awo, ndipo amakupaka inki pachala kuti usabwerenso. Mapepala anayi, la pulezidenti, la MP, la meya ndi la khansala, amadindidwa chidindo kumbuyo usanapite nawo kukachonga. Bokosi ndi loonekera mkati. Pa 18:00 amene ali kale pamzere amavotabe. Sitepe iliyonse pamenepa ili ndi mboni, kupatulapo imodzi yokha imene siyenera kukhala ndi mboni.

Kenako mavoti sachoka m'chipindamo asanawerengedwe. Amawerengedwa pomwepo, pepala lililonse likuonetsedwa kwa oimira zipani ndi oyang'anira a mabungwe monga CCMG ya matchalitchi. Zotsatira zimalembedwa pa fomu ya GEN 20, oimira zipani amasaina n'kutenga kope lawo, ndipo lina limamatidwa panja kuti aliyense awerenge. Pepala limeneli ndi lofunika kuposa zonse zimene zimalengezedwa pa TV kuchokera ku Mulungushi, chifukwa manambala a ku Mulungushi ndi mapepala amenewa ataphatikizidwa. Anansi athu a ku Malawi anaona kulemera kwake. Pa masankho a May 2019 mafomu ambiri a zotsatira anapezeka atafufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo pa 3 February 2020 khoti linafafaniza masankho a pulezidenti, anthu n'kuvotanso mu June. Mlanduwo unatheka chifukwa panali mapepala oti munthu agwire m'manja n'kufanizira.

Wina anganene kuti mavoti ochepa obedwa sasintha kanthu. Mu 2021 mwina zikanakhala choncho, pakuti a Hakainde Hichilema anapambana a Edgar Lungu ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi. Koma mu January 2015 a Lungu anapambana ndi mavoti 27,757 okha. Mu 2021 dziko linali ndi masiteshoni 12,152. Werengani nokha: mavoti atatu okha pa siteshoni iliyonse apitirira kale kusiyana kwa 2015 kuja. Maenvelopu atatu ochongedwa ndi munthu wolakwika pa yadi imodzi si chinthu chovuta kuchiganizira.

Sitikunena kuti njira yathu ilibe chilema. Ili nacho chachikulu, ndipo n'chimene chimabala funso la positi lija. Munthu amavota pa siteshoni imene analembetsa basi. Amene analembetsa ku Petauke mu 2020 n'kubwera ku Lusaka kudzafuna ntchito anayenera kupeza ndalama ya basi yopita ndi yobwerera, apo ayi akhale. Agogo amene sangathe kuyenda, mayi amene wagonekedwa ku UTH, mlonda amene bwana wake sanamumasule ngakhale tsikulo linali holide, onsewa anatsala. Abale athu a ku Johannesburg ndi ku London amatumiza ndalama za lendi ndi za sukulu mwezi ndi mwezi, koma kuti avote anafunika kukwera basi kapena ndege kubwera kuno.

Mankhwala ake ndi kutengera bokosi kwa munthu pamodzi ndi mboni zake zonse. South Africa imachita zimenezi. Odwala, okalamba ndi amayi oyembekezera amalembetsa pasadakhale, ndipo masiku awiri masankho asanafike antchito a bungwe la masankho amawayendera kunyumba, oimira zipani ali ndi ufulu wopita nawo. Nzika zawo za kunja zimavota pamaso pa antchito ku maofesi a kazembe. Ngakhale kuno tinaonapo kuti bokosi lingathe kupita kumene anthu ali. Khoti la Constitutional Court litagamula mu 2017 kuti akaidi ali ndi ufulu wovota, ECZ inatsegula masiteshoni m'ndende ndipo mu 2021 akaidi anavota koyamba. Ngati bokosi linalowa ku Mukobeko ndi ku Chimbokaila, sitikuona chimene chingaliletse kulowa mu wodi ya chipatala kapena mu ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria. Zidzadya ndalama, inde. Mapepala athu ovotera a 2016 ndi 2021 anasindikizidwa ku Dubai, ndiye nkhani ya ndalama tisaiyambire pa agogo.

Palinso mbali yathu, imene sitikonda kuikamba. Ambiri tikangoponya voti timathamangira kunyumba kukaonetsa chala cha inki pa Facebook, n'kusiya kuwerenga m'manja mwa anyamata awiri atatu a zipani amene akhala ndi njala kuyambira m'mawa, ena osadziwa n'komwe kuti ayenera kutenga kope la fomu. Tsiku lija la 2021 WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa masana, ndipo amene ankadalira foni kuti amve zotsatira anangokhala mumdima, pamene pepala linali lomatidwa pakhomo la kalasi mamita ochepa kuchokera kunyumba kwawo. Masankho amabwera Lachinayi lachiwiri la August zaka zisanu zilizonse. Kaundula akaikidwa poyera kuti anthu aone mayina awo, tipite tikaone ngati dzina, chithunzi ndi siteshoni zili bwino, chifukwa pa tsiku lovota palibe amene adzakonze. Matchalitchi ndi magulu a chilimba a muno mu Marapodi angathe kugawana masiteshoni, wina wopereka chakudya kwa owerenga, wina wobwera m'mawa mwake ndi kope ndi bolopeni kudzalemba manambala a pa GEN 20 asanang'ambidwe ndi mphepo ya August.