Si fupa limenelo, malume!

Anzanga a pamsika, sabata yatha ndinali kwathu kwa Champiti ku Ntcheu, ndipo zimene ndinaona kumeneko zandisowetsa tulo.

Malume ali ndi galu wawo, Bingo, mlonda wa nkhokwe ndi khola la mbuzi. Ndinamupeza atagona kuseri kwa khola, kukamwa kuli yasa, dovu lili chuchuchu, nsima osaiyang'ana n'komwe. Malume amvekere: "Mphwanga, fupa lamuima pakhosi uyu. Tagwira miyendoyo ndilichotse." Apo n'kuti malaya atapinda kale.

Ndinakuwa: "Malume, musayerekeze!"

Ambirife timadziwa chiwewe cha galu wolusa, woluma aliyense. Komatu chilipo china chofatsa. Galu amangofooka, nsagwada zimalobodoka, kumeza kumakanika, ndiye amaoneka ngati watsamwa. Kachilombo kamakhala m'malovumo. Mukapisa dzanja, kabala kakang'ono ka pachala n'kokwanira kukulowetsani m'manda.

Inu a mahokala ndi magolosale, amene mumadalira galu usiku, dziwaninso kuti tameki amene akuba amathira m'nyama amatulutsanso dovu. Galu wodya tameki amanjenjemera, kusanza ndi kutsegula m'mimba posakhalitsa. Kaya ndi tameki kaya chiwewe, zomumwetsa mkaka kapena mazira ndi manja anu zisiyeni. Mutsekereni, thamangitsani ana, itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Osati mawa, osati mukaweruka kumsika.

Ife tinatero. Alangizi atafunsa za katemera, malume anangoyang'ana pansi. Bingo anafa patapita masiku awiri, ndipo ana awiri amene anawanyambita pa zilonda tinawaperekeza kuchipatala kukabayitsa.

Galu akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala msangamsanga. Chiwewe chikangoyamba kuonekera pa munthu, mankhwala palibe. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ndipo ambiri amawatenga kwa agalu. N'chifukwa chake mu 2015 a Mission Rabies anayamba kubaya agalu katemera waulere mu Blantyre.

Mukamva kuti obaya afika kwanuko, siyirani mnzanu benchi kwa ola limodzi, mukoke galu wanu. Tomato adikira.

Malume pano akuti dzanja lawo analigula ndi kukuwa kwanga. Tionana sabata ya mawa.